Rauta ili ndi mitima iwiri

Mvula ya mu Januwale ku Zomba kuno ilibe chibwana. Tsikulo phiri lonse linali litabisala m'mitambo, ndipo ine ndinali m'kaofesi kena ku Matawale, nditakhala pa kireti ya zakumwa, laputopu ili pamiyendo, kachingwe kabuluu kophwatalala katachoka pa laputopuyo kukalowa kumbuyo kwa rauta ya Cisco 1941, bokosi lolumikiza makompyuta a muofesi ku intaneti, imene eni ake anagula yogwirapo kale ntchito. Ndinatha maola atatu ndikulemba malamulo. Pofika madzulo makompyuta onse 7 anali pa intaneti, pulinta inkamvera aliyense, ndipo amayi osunga ndalama anatumiza lipoti limene linawagonera masiku anayi. Anandipatsa tiyi ndi zitumbuwa. Ndinakwera kabaza kubwerera kwathu mtima uli mbee, ngakhale nsapato zinali matope okhaokha.

M'mawa mwake foni inalira ndisanasukusule n'komwe. "Achimwene, intaneti yanu ija yathawatu." Usiku magetsi anali atazima kwa kanthawi. Nditafika n'kulumikiza kachingwe kaja, sikirini inandilonjera ndi funso limene rauta imafunsa ikakhala yatsopano, yosadziwa kanthu: Would you like to enter the initial configuration dialog? Panalibe chapsa, panalibe chathyoka. Ntchito yonse yadzulo inali itapita ndi magetsi chifukwa ndinaiwala mzere umodzi wokha.

Rauta ya Cisco imasunga makonzedwe ake m'malo awiri. Oyamba ndi running-config, amene amakhala mu RAM. Awa ndiwo akugwira ntchito panopa, ndipo lamulo lililonse limene mwalemba n'kudina Enter limalowa m'menemo nthawi yomweyo, popanda kukufunsani ngati mwatsimikiza. Achiwiri ndi startup-config, amene amakhala mu NVRAM, kachipangizo kosaiwala magetsi akazima. Kumbukirani kusukulu: running-config ndi zolemba za choko pabolodi, startup-config ndi zolemba za m'kope. Magetsi akathima bolodi yafufutidwa. Akayaka, rauta imatsegula kope n'kukopera pabolodi zimene yapezamo. Ine kope langa linali loyera. Mzere umene ndinaiwala ndi uwu:

copy running-config startup-config

Ikakufunsani dzina la fayilo, mungodina Enter. Akale pantchitoyi amalemba write memory, kapenanso wr basi, ndipo zimachita chimodzimodzi. Tsiku lija ndinkaona ngati mitima iwiriyi ndi nkhanza chabe za amene anapanga makinawo. Patapita nthawi inandipulumutsa, ndipo ndifikako. Koma tiyambe ndi kumene munthu amayambira akaimirira kutsogolo kwa bokosi lozizira, la magetsi obiriwira othwanima, lopanda sikirini kapena mabatani.

Ntchito ya rauta ndi yofanana ndi ya anyamata oitanira pa depoti. Katundu akafika, iwo sasamala kuti muli chiyani, amangoona kumene akupita: wa ku Jali uko, wa ku Liwonde uku, wa ku Thondwe kwezani ya ku Blantyre. Uthenga wa pa netiweki umayenda m'timapukusi, kalikonse kali ndi adiresi ya kumene kakuchokera ndi ya kumene kakupita. Rauta imawerenga adiresi ya kopita, imayang'ana pa ndandanda yake ya njira, n'kutulutsa kaphukusiko pa khomo loyenera. Swichi imalumikiza makompyuta a netiweki imodzi, pomwe rauta imakhala pamalire pa manetiweki awiri kapena angapo. Zonse zimene tilembe m'munsimu zikungouza rauta kuti makomo ake ndi ati, njira ikupita kuti, ndiponso woyenera kuilamula ndani.

Wina afunsa kuti bwanji osangotsegula tsamba pa Chrome n'kumadina, monga timachitira ndi MiFi kapena rauta ya kunyumba. Marauta akuluakulu ambiri tsamba lotero ali nalo koma silikwana zonse. Chinanso, tsamba limafuna netiweki yoti ikugwira kale ntchito, pomwe inu mwaitanidwa chifukwa netiweki yafa. Ndipo makonzedwe olembedwa ndi mawu wamba mukhoza kuwawerenga onse kuyambira pamwamba mpaka pansi, kuwasunga mu Notepad, kuwatumizira mnzanu pa WhatsApp kuti akuonereni polakwika. Mukamalowa muli kutali, malemba okhaokha sadya bandulo ndipo amadutsa ngakhale netiweki ikukwawa.

Khomo loyamba ndi console. Kumbuyo kwa rauta kuli kabowo kolembedwa dzina limeneli, kooneka ngati ka chingwe cha netiweki, koma chingwe wamba sichigwira pamenepo. Pamafunika chija chabuluu, cha RJ-45 mbali imodzi ndi DB-9 mbali inayo, ndipo popeza malaputopu a masiku ano alibe polowetsa DB-9, mumawonjezera kachingwe kosinthira ku USB. Ziliponso za USB zachindunji. Musadalire kuti mukachipeza m'sitolo za pafupi ndi msika tsiku limene chafunika. Gulanitu ziwiri, china chizikhala m'chikwama nthawi zonse. Pa Windows tsegulani Device Manager muone nambala ya COM imene chingwecho chapatsidwa, tinene COM3. Kenako tsegulani PuTTY, kapulogalamu kaulere kamene Simon Tatham anatulutsa mu 1999, sankhani Serial, lembani COM3 ndi liwiro la 9600. Zotsalazo ndi 8 data bits, no parity, 1 stop bit, ndi kuzimitsa flow control. Wa Linux angolemba screen /dev/ttyUSB0 9600. Mukaona zilembo zosokonekera ngati nkhuku yapalasa, liwiro ndilo lalakwika. Mukaona sikirini yakuda bii, musathamangire kunena kuti rauta yafa, dinani kaye Enter.

Funso lija la initial configuration dialog liyankheni kuti no. Limakufunsani zinthu zambirimbiri motsatana, ndipo mukalakwitsa pakati, kubwerera n'kovuta kuposa kungolemba nokha.

Tsopano muona dzina lakuti Router lotsatidwa ndi chizindikiro cha >. Apa muli pakhonde. Mukhoza kuona zochepa, kusintha ayi. Lembani enable, chizindikiro chisanduka #, ndiye kuti mwalowa pabalaza: mukhoza kuona zonse, kusunga, kuyatsanso rauta. Lembani configure terminal, ndipo pakati pa dzina ndi # pabwera mawu akuti config m'mabulaketi. Uku ndi kuchipinda, kumene zinthu zimasinthidwira. Mukalowa pa khomo limodzi la netiweki mawuwo amakhala config-if, mukalowa pa mzere wolowera anthu amakhala config-line. Lamulo la exit limakubwezani sitepe imodzi, end kapena Ctrl+Z limakubwezani pabalaza kamodzin'kamodzi. Ambiri oyamba kumene amavutika osati chifukwa lamulo alilemba molakwika, koma alilembera m'chipinda cholakwika. Lamulo la show silimveka kuchipinda pokhapokha mutaika do patsogolo pake. Choncho diso lizikhala pa chizindikirocho musanalembe kanthu.

Palibe amene amaloweza malamulo onse, ndipo amene akukuuzani kuti analoweza akunama. Safunsa adadya phula: pa rauta funso ndi batani la ?. Mukalidina pamalo alionse, rauta imakuonetsani mawu onse amene angabwere pamenepo. Mukalemba ip kenako mpata kenako ?, mndandanda umatuluka. Batani la Tab limamalizitsa mawu amene mwayamba, ndipo kufupikitsa n'kololedwa bola pasakhale lamulo lina loyamba chimodzimodzi, n'chifukwa chake muona anthu akulemba conf t kapena sh run. Mukalakwitsa, rauta imaika kachizindikiro ka ^ pansi pa chilembo chenicheni chimene yasokonekera nacho. Ikanena kuti Incomplete command, mwasiyira panjira. Ikanena kuti Ambiguous command, mwafupikitsa mopitirira. Ndipo pafupifupi lamulo lililonse limafufutika polibwereza ndi no patsogolo.

Mizere yanga yoyamba ndikalowa kuchipinda imakhala iyi nthawi zonse:

hostname Matawale-R1
no ip domain-lookup
enable secret mawu-anu-achinsinsi
line console 0
logging synchronous
exit

Dzina limathandiza tsiku limene mwatsegula mawindo atatu a marauta atatu, n'kufuna kudziwa kuti mukulamula iti. Mzere wachiwiriwo ndi wa mtendere wa mumtima: popanda iwo, mukalakwitsa kulemba muli pabalaza, rauta imaganiza kuti mwatchula dzina la kompyuta ina ndipo imayamba kuifunafuna, inu muli chodikira. Zikakuchitikirani, Ctrl+Shift+6 imaidukiza. Pa IOS zatsopano (IOS ndi pulogalamu yoyendetsa rauta ya Cisco) mawuwo amalembedwa domain lookup, opanda kamzere pakati. Pa nkhani ya pasiwedi, gwiritsani enable secret, osati enable password, chifukwa yachiwiriyo imasungidwa poyera, aliyense woona show running-config aiwerenga. Lilipo lamulo la service password-encryption limene limaphimba mapasiwedi otere, koma kuphimba kwake, kotchedwa type 7, kumamasulidwa m'kamphindi ndi timapulogalamu topezeka paliponse. Kumangoteteza kwa munthu wosuzumira paphewa basi. Pomwe logging synchronous imaletsa mauthenga a rauta kukudulani pakati pa mzere umene mukulemba.

Tifike pa makomo a netiweki, amene pa rauta amatchedwa interface. Pa 1941 alipo awiri, GigabitEthernet0/0 ndi GigabitEthernet0/1. Pa 1841 yakale ndi FastEthernet, pa za mtundu wa 4000 manambala amakhala atatu, monga 0/0/0. Musalote, lembani show ip interface brief muone mayina ake. Tinene kuti 0/0 ikupita ku swichi ya muofesi:

interface GigabitEthernet0/0
description Ku swichi ya muofesi
ip address 192.168.10.1 255.255.255.0
no shutdown

Apa ndi poyenera kudekha, chifukwa manambala awiriwa ndiwo mutu wa nkhani yonse. Adiresi ya IPv4 ili ndi mabiti 32 (timanambala ta 0 kapena 1), ogawidwa panayi, gawo lililonse kuyambira 0 mpaka 255. Nambala yachiwiriyo, subnet mask, imanena kuti ndi mbali iti ya adiresi imene ili dzina la mudzi ndi iti imene ili nambala ya nyumba. Pamene pali 255 ndi mudzi, pamene pali 0 ndi nyumba. Ndiye 192.168.10 ndi mudzi wathu, ndipo gawo lomaliza lili ndi malo 256. Awiri sapatsidwa kwa munthu: 0 ndi dzina la netiweki yonse, 255 ndi yolengezera onse nthawi imodzi. Otsala ndi 254. Ena amalemba mask yomweyi mwachidule kuti /24, kutanthauza kuti mabiti 24 oyambirira ndi a mudzi. Kompyuta ikafuna kutumiza kaphukusi, imayerekeza adiresi ya kopita ndi mask yake. Ngati mudzi ndi womwewo, imatumiza mwachindunji kudzera pa swichi, rauta osadziwa n'komwe. Ngati ndi mudzi wina, imapereka kwa rauta. Mask ikalakwika pa kompyuta imodzi mumaona zodabwitsa: intaneti ikutheka koma pulinta ya pa tebulo loyandikana osaipeza.

N'chifukwa chiyani ndasankha 10 m'malo mwa 192.168.1.1 yodziwika ija? Chifukwa modemu zambiri za makampani a intaneti zimabwera zili kale pa 192.168.1, 192.168.0 kapena 192.168.8, ndipo rauta siingalole makomo ake awiri kukhala m'mudzi umodzi. Imakana, n'kukuuzani kuti maadiresiwo akuwombana.

Mzere wa no shutdown ndiwo umaiwalika kwambiri. Makomo a rauta ya Cisco amabwera otseka mpaka mutawatsegula nokha. Mukayang'ananso show ip interface brief, onani magawo awiri omaliza, Status ndi Protocol. Administratively down ndiye kuti munthu sanatsegule. Down ndi down ndiye chingwe: sichinalowe bwino, chaduka, kapena chipangizo cha mbali inayo n'chozima. Nyengo ya mphenzi pano pansi pa phiri ndaonapo khomo limodzi litapsa rauta yonse ili bwinobwino, makamaka pamene chingwe chadutsa panja kuchoka nyumba ina kupita ina. Up ndi down ndiye kuti chingwe chili bwino koma mbali ziwirizo sizikumvana. Chofunika ndi up ndi up.

Khomo lakunja limatenga adiresi imene kampani yanu ya intaneti yakupatsani. Pano ndigwiritsa 203.0.113, manambala amene anapatulidwa kuti azigwiritsidwa ntchito m'zitsanzo zokha:

interface GigabitEthernet0/1
description Ku kampani ya intaneti
ip address 203.0.113.2 255.255.255.252
no shutdown
exit
ip route 0.0.0.0 0.0.0.0 203.0.113.1

Mask yothera ndi 252 ndi kamudzi ka malo anayi, ogwiritsika awiri: inu ndi rauta ya kampaniyo. Ngati sanakupatseni adiresi yokhazikika, lembani ip address dhcp kuti rauta idzipemphere yokha adiresi, ndipo nthawi zambiri njira yotulukira imabwera yokha limodzi ndi adiresiyo. Mzere womalizawo ndi default route. Rauta imadziwa yokha midzi imene yakhudzana nayo, koma za Facebook kapena seva ya ku Johannesburg siidziwa kanthu. Maziro asanu ndi atatuwo akutanthauza kuti chilichonse chimene sukuchidziwa, pereka kwa 203.0.113.1. Pakakhala njira ziwiri zoyenera kaphukusi kamodzi, rauta imasankha yotchula malo mwatchutchutchu. Katundu wolembedwa kuti Songani sakwezedwa minibasi yongoti "kulikonse" pamene ya ku Songani yaima pomwepo. N'chifukwa chake default route imagwira ntchito pokhapokha zina zonse zalephera. Lembani show ip route: C ndi midzi yolumikizidwa mwachindunji, S ndi njira zimene mwalemba nokha, S yokhala ndi kanyenyezi ndi default route ija.

Yesani ping 203.0.113.1. Rauta imatumiza timapukusi tisanu, ndipo chizindikiro cha ! n'chakuti yankho labwera, kadontho n'kakuti nthawi yatha popanda yankho, U n'kuti wina panjira wanena kuti kumeneko sikufikika. Ulendo woyamba mudzaona kawirikawiri kadontho kamodzi kotsatidwa ndi ! anayi. Musadandaule. Kaphukusi koyambako katayika pamene rauta imafunsa kaye adiresi ya MAC ya mnzakeyo, nambala imene khomo lililonse la netiweki limabadwa nayo, kudzera mu ARP, njira yofunsira nambalayo. Mukabwereza, onse asanu adutsa.

Apa pali msampha umene umagwira pafupifupi aliyense. Rauta ikufika bwinobwino pa 8.8.8.8, seva ya Google imene ambiri amayesera intaneti, koma makompyuta a muofesi sakufika. Chifukwa chake n'chakuti maadiresi a 192.168 si a pa intaneti. Chikalata cha RFC 1918 cha mu 1996 chinapatula magulu atatu kuti aliyense azigwiritsa m'nyumba mwake: oyamba ndi 10, oyambira 172.16 mpaka 172.31, ndi oyamba ndi 192.168. Anachita izi chifukwa maadiresi onse a IPv4 ndi pafupifupi 4.3 biliyoni, osakwanira dziko lonse. A poyera muno mu Africa amagawidwa ndi AFRINIC, imene likulu lake lili ku Mauritius, kudzera m'makampani a intaneti. Ndiye kaphukusi kochoka pa 192.168.10.50 kakhoza kutuluka, koma yankho silingadziwe kobwerera, popeza maofesi miyandamiyanda ali ndi adiresi yomweyo.

Mankhwala ake ndi NAT, ndipo aliyense amene anakulira kumudzi akuidziwa kale. Makalata a mudzi wonse ankadzera pa bokosi limodzi la positi la sukulu kapena la tchalitchi, aphunzitsi aakulu n'kumagawa kwa eni ake. Rauta imafufuta adiresi yamkati pa kaphukusi kotuluka n'kuikapo yake yakunja, n'kulemba m'kaundula kuti kukambirana kwa pa poti yakuti (nambala yosiyanitsa kukambirana kumodzi ndi kunzake) ndi kwa kompyuta yakuti. Yankho likabwera imayang'ana m'kaundulamo.

access-list 1 permit 192.168.10.0 0.0.0.255
ip nat inside source list 1 interface GigabitEthernet0/1 overload
interface GigabitEthernet0/0
ip nat inside
interface GigabitEthernet0/1
ip nat outside

Access-list ndi mndandanda wa maadiresi ololedwa. Onetsetsani 0.0.0.255 uyo. Si mask, ndi wildcard, mask yotembenuzidwa: pamene pali 0 payenera kufanana, pamene pali 255 pakhale chilichonse. Mukalemba 255.255.255.0 pamenepo mwachizolowezi, rauta siikana, imalandira mwaulemu n'kuchita zosiyana ndi zimene mumafuna. Mawu akuti overload ndiwo amalola makompyuta onse kugawana adiresi imodzi. Ndipo mukasinthanitsa inside ndi outside palibe uthenga wokuchenjezani, kungokhala chete. Show ip nat translations ikatulutsa mizere, zatheka. Ikakhala yopanda kanthu pamene anthu akuyesa kutsegula masamba, vuto lili m'mizere isanu ndi umodzi imeneyi.

Kugawa maadiresi kwa makompyuta ndi mafoni, ntchito yotchedwa DHCP, n'kosavuta:

ip dhcp excluded-address 192.168.10.1 192.168.10.20
ip dhcp pool OFESI
network 192.168.10.0 255.255.255.0
default-router 192.168.10.1
dns-server 8.8.8.8 1.1.1.1

Maadiresi 20 oyambirirawo ndawasungira rauta, pulinta ndi makamera, zinthu zosafunika kusinthasintha. Kompyuta ikadzipatsa yokha adiresi yoyamba ndi 169.254, dziwani kuti yaitana DHCP koma palibe wayankha. Ikamafika pa 8.8.8.8 koma mayina a masamba osatseguka, vuto ndi DNS, imene imasandutsa mayina a masamba kukhala maadiresi, osati rauta.

Simungamakwere kabaza nthawi iliyonse pakafunika kusintha kanthu, choncho tsegulani njira yolowera muli kutali. Telnet, ya pa poti 23, iiwaleni: imatumiza pasiwedi yanu poyera ngati kalata yosamata. SSH, ya pa poti 22, imene Tatu Ylönen wa ku Finland anapanga mu 1995, imabisa zonse.

ip domain-name ofesi.local
crypto key generate rsa modulus 2048
ip ssh version 2
username woyanganira secret mawu-ena-achinsinsi
line vty 0 4
login local
transport input ssh

Kiyi yobisira uthenga, ya pa mzere wachiwiriwo, siipangika ngati rauta ikadali ndi dzina lija la Router kapena ilibe domain, n'chifukwa chake hostname inali yoyamba. Ngati lamulo la crypto silikudziwika n'komwe, onani show version: dzina la fayilo ya IOS lizikhala ndi k9. Mizere ya vty 0 mpaka 4 ikutanthauza kuti anthu asanu akhoza kulowa nthawi imodzi. Ndi bwino kuikaponso access-class yolola makompyuta odziwika okha, chifukwa rauta iliyonse yokhala ndi adiresi ya poyera imagogodedwa usana ndi usiku ndi mapulogalamu ongoyesa mapasiwedi.

Pa access-class yomweyo m'pamene mitima iwiri ija inandibwezera ngongole. Ndinali kunyumba usiku, ndikukonza rauta ya malo ena cha ku Domasi kudzera pa SSH. Ndinalemba mndandanda wa ololedwa kulowa, ndinauika pa vty, n'kutseka windo kuti ndiyese kulowanso. Yakana. Mndandanda uliwonse wa access-list uli ndi mzere wosaoneka kumapeto kwake wokaniza onse amene sanatchulidwe, ndipo ine ndinatchula makompyuta a muofesimo n'kuiwala adiresi imene ndinkalowera. Ndinadzitsekera panja ndekha, kiyi ali mkati. Mwayi wake ndinali ndisanasunge. Ndinaimbira mlonda. "Abambo, pepani kukudzutsani. M'chipinda chija muli bokosi lothwanima, zulani pulagi yake, muwerenge mpaka 10, mubwezeretse." Anayankha kuti, "Bwana, sindiphulitsa zinthu za eni ake?" Ndinawatsimikizira. Patatha mphindi zochepa rauta inadzuka ndi zolemba za m'kope, zopanda cholakwa changa, ndipo ndinalowa.

Kuyambira pamenepo sindisintha kanthu koopsa ndili kutali ndisanalembe reload in 10. Lamuloli limauza rauta kuti idziyatsenso yokha pakatha mphindi 10. Ndikasintha n'kuona kuti ndikadali mkati, ndimalemba reload cancel, kenako n'kusunga. Ndikadzitsekera panja, ndimangodikira, mlonda ali m'tulo. Chenjezo limodzi: yambani mwasunga makonzedwe abwinowo musanalembe reload in, ndipo musasungenso mpaka mutayesa zatsopanozo pa windo lachiwiri.

M'maofesi ang'onoang'ono, m'malo ogona alendo ndi kwa ogulitsa Wi-Fi mupeza kwambiri MikroTik, ya kampani ya ku Latvia imene inayamba mu 1996, chifukwa mtengo wake ndi wofikirika. Nzeru ndi yomweyo, kalembedwe ndiko kosiyana. Zambiri zimabwera zili pa 192.168.88.1, ndipo zokhala ndi console zimalankhula pa 115200, osati 9600.

/ip address add address=192.168.10.1/24 interface=ether2
/ip route add gateway=203.0.113.1
/ip firewall nat add chain=srcnat out-interface=ether1 action=masquerade

Koma MikroTik ili ndi mtima umodzi. Chimene mwalemba chasungidwa pompo. Simudzavutika ngati ine ku Matawale, koma mlonda wa ku Domasi sangakupulumutseni, chifukwa ikadzuka idzuka ndi cholakwa chomwecho. Chitetezo chake ndi Safe Mode: dinani Ctrl+X musanayambe, ndipo kulumikizana kukaduka mwadzidzidzi rauta imabweza zonse zimene munasintha kuchokera pamenepo. Mukakhutira, dinaninso Ctrl+X kuti zikhazikike. Lamulo la /export limakutulutsirani makonzedwe onse ngati malemba. Pa Cisco lembani terminal length 0 kenako show running-config, mukopere zonse mu fayilo yokhala ndi deti. Fayiloyo isakhale pa laputopu yokha, malaputopu amabedwa.

Wophunzira wa ku Chanco kapena wina aliyense wopanda rauta yogwira ndi manja asadikire. Packet Tracer ya Cisco ndi yaulere mukalembetsa ku Networking Academy yawo, ndipo pafupifupi zonse za Cisco zili pamwambazi zimatheka mmenemo. Chimene siingakuphunzitseni ndi rauta yakale imene mwini wake woyamba anasiya pasiwedi, kapena imene woikonza anachoka ntchito osauza munthu.

Zikatero, njira ilipo, koma imafuna chingwe cha console ndi dzanja pa swichi ya magetsi, n'chifukwa chake rauta iyenera kukhala m'kabati yokhoma. Izimitseni, iyatseni, ndipo m'masekondi 60 oyambirira tumizani Break. Pa PuTTY ili pa Special Command. Mufika pa rommon, kapulogalamu kakang'ono kodzutsa rauta. Lembani confreg 0x2142 kenako reset. Nambala imeneyi imauza rauta kuti podzuka isatsegule kope. Idzuka yopanda pasiwedi, ikufunsani funso lija, muyankhe no, mulembe enable. Tsopano samalani kwambiri, chifukwa apa lamulo limatembenuka: copy startup-config running-config. Mukalemba mwachizolowezi running poyamba, mwakopera bolodi yopanda kanthu m'kope, ndipo makonzedwe onse a eni ake apita. Mukakopera molondola, lowani kuchipinda, ikani enable secret yatsopano, tsegulani makomo ndi no shutdown popeza amakhala atatsekeka, lembani config-register 0x2102, kenako sungani.

Mzere wa 0x2102 umenewo ndi umene anthu amaiwala, chisangalalo cholowa chitawakwera. Rauta imagwira ntchito bwinobwino kwa sabata kapena mwezi, mpaka tsiku limene magetsi azima. Ikadzuka ikadali pa 0x2142, kope lili ndi zonse koma yauzidwa kuti isalitsegule, ndipo mwini ofesi amalumbira kuti munasunga iye akuona. Ndaitanidwapo kawiri pa matenda amenewa, kwina cha ku Chinamwali, kwina m'tauni mwenimweni, ndipo konseko anali atayamba kale kufunsa mtengo wa rauta ina. Lembani show version, tsikani mpaka mzere wotsiriza. Pamenepo pamalembedwa Configuration register is, kenako nambala. Ikakhala 0x2142, isintheni, sungani, ndipo musanatole chikwama zimitsani rauta ndi dzanja lanu, muiyatse, muone makompyuta akubwerera pa intaneti okha.